Magawo 64 a Datsun ya Abambo

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri galimoto ya Abambo idakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu pa boma la Mzimba, pansi pa mtengo wa mango, mphuno italoza kumpanda. Nkhuku za Amayi zinkaikira mazira pampando wa dalaivala, mavu adamanga m'chosefera mpweya, ndipo makoswe adatha mawaya onse a pansi pa chiwongolero. Ife ana aamuna tinkaidutsa m'bandakucha uliwonse popita kukachita udhu, aliyense akudziuza mumtima kuti nkhani ya galimotoyo ikudikira mnzake.

Abambo, Allah awachitire chifundo, ankaitchula kuti Datsun mpaka tsiku lawo lomaliza, ngakhale pachitseko cha kumbuyo padalembedwa Nissan. Sadalakwitse kwenikweni. Kapikapu kameneka kadayamba kupangidwa ku South Africa mu 1971 ndi dzina la Datsun 1200, kadasanduka 1400 mu 1980 injini yake itakulitsidwa, ndipo fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, idapitiriza kukapanga mpaka 2008 maonekedwe asanasinthe kwenikweni. Kuti kafike kuno n'kosadabwitsa kwa munthu wodziwa Mzimba. Njira ya ku Joni idatseguka kale m'boma lino, kuyambira masiku a Wenela, kudzera pa TEBA imene idaleka kulemba Amalawi mu 1988, kufikira aselufu amene amapita okha. Ambiri mwa iwo amabwerera kumudzi pagalimoto. Abambo adagula yawo kwa mmodzi wa obwererawo, munthu wa cha ku Edingeni amene ndalama za petulo zidamuthera asanamalize kufolera nyumba.

Iwo eni ake anali a ku Nkhotakota. Adabwera ku Mzimba ali mnyamata ndi makina osokera, nakhala pakhonde la sitolo zaka zambiri, mpaka galimotoyo idawasandutsa wamalonda a nsomba. Ankatsikira kunyanja kudzera ku Jenda, Nkhamenya ndi Kasungu, n'kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, ndipo ankabwerako atadzaza usipa wouma wokagulitsa m'misika ya Jenda, Embangweni, Edingeni ndi pa boma. Fizi yathu tonse asanu idachokera m'bodi lalifupi lija.

Koma padali ntchito ina imene inu a kunyanja mwina simungaione kukula kwake. Kwanu mzikiti uli pamudzi, manda ali pafupi, ndipo jeneza limayenda pamapewa kuchokera pakhomo mpaka kudzenje. Kuno Asilamu tili apa ndi apo: telala pamsika wina, wogulitsa nyama pamsika wina, namwino kapena wapolisi wotumizidwa pantchito, aliyense pakati pa anansi a mpingo. Mmodzi akamwalira kumidzi ya kumwera, pamafunika galimoto tsiku lomwelo yoti ipereke osambitsa ndi nsalu ya sanda, ndi kubweretsa thupi kumene kuli anthu oliswalira ndi kuliika. Kwa zaka zambiri galimoto imeneyo inali Datsun ya Abambo, usiku kapena usana, ndipo sitikumbukira atalandirapo kanthu koposa mtengo wa petulo.

Atamwalira mu 2016 tidawanyamula pagalimoto yobwereka, pakuti yawo inali itayamba kale kufuka utsi ndi kumwa madzi, ndipo sabata imeneyo idakaniratu kulira. Maliro atatha, pakhomo pathu padamveka malamulo atatu. Abale akuchikazi ochokera kunyanja adakumbutsa kuti pa Chichewa chuma cha mwamuna chimayang'ana kwa mbumba yake. Anansi athu Angoni adati chuma cha bambo n'cha ana aamuna, pakuti mwana wamkazi amalowoledwa n'kupita kwa eni. Mphunzitsi wina adatchulanso lamulo la boma la 2011 la chuma chamasiye, limene limateteza mkazi wamasiye ndi ana ndipo limayesa kulanda chuma kukhala mlandu. Lamulo lachinayi, limene tidaliphunzira tonse kumadrasa, palibe adalitchula mokweza. Abale akunyanja adabwerera mwamtendere ndi makina osokera. Ife tidatsata mwambo wa anansi mwakachetechete, chifukwa unkatikomera. Sitidanene kuti galimoto ndi yathu, koma makiyi adalowa m'thumba la achimwene aakulu ndipo sadatulukemo. Chaka chisanathe batire lidagulitsidwa, matayala awiri adapita pangolo ya ng'ombe ya mnansi, mzime wathu adanyamuka ulendo wa ku Joni, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu.

Amene adadzutsa nkhaniyi ndi achemwali aakulu, amene amagulitsa nsalu pa Jenda. Adabwera pa Idi ya nsembe mu 2023, ndipo titadya, adatenga mpando n'kukaukhazika pafupi ndi galimoto ija. Adaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adafunsa mofatsa: “Achimwene, kodi gawo langa m'galimoto muno ndi liti? Ndi limene makoswe adya kale, kapena limene latsala?” Palibe adaseka. Amayi adangoti, “Kaitaneni a Shehe.”

A Shehe adabwera itatha Swala ya Asr, nakhala pamkeka ndi pepala. Adayamba ndi dongosolo limene Surat An-Nisa, sura yachinayi ya Qur'an, ndi mabuku a malamulo amaika: zofunika pamaliro zichotsedwe, ngongole za womwalira zibwezedwe, wasiya ukwaniritsidwe osapyola gawo limodzi mwa atatu, ndipo zotsalazo ndiye zigawidwe. Makolo a Abambo adatsogola kale, wasiya padalibe. Tsono Amayi, monga mkazi wamasiye wokhala ndi ana, amatenga gawo limodzi mwa asanu ndi atatu, ndipo chotsalacho chimagawidwa kwa ana, wamwamuna kulandira kawiri kuposa wamkazi. Ana aamuna atatu, aakazi awiri. Kuti pasakhale zidutswa, a Shehe adaidula galimotoyo papepala m'magawo 64: Amayi 8, mwana wamwamuna aliyense 14, mwana wamkazi aliyense 7. Tamvapo anthu ambiri akudandaula za kusiyana kwa 14 ndi 7, ndipo amaiwala kuti wolandira 14 amasenzanso udindo wosamala amayi ndi alongo ake. Ife tsiku limenelo tidaona china. Magawo 7 aja anali ochuluka kuposa zimene tidapatsa alongo athu m'zaka zisanu ndi ziwiri, pakuti sitidawapatse kanthu, ndipo udindo wa 14 sitidaukwaniritsenso. Tidavomera pamaso pa a Shehe kubweza mtengo wa batire ndi matayala, ndi kuwerengera galimotoyo mtengo wake monga inalili tsiku la imfa ya Abambo, osati monga tidaiwolera ife.

Atafunsa za ngongole, Amayi adati, “Kayang'aneni m'kabokosi ka padashibodi.” Mudali kope la sukulu lodyeka m'mbali. Abambo ankalemba aliyense amene adawakongoza nsomba, ndipo akabweza ankadula mzere. Mizere yonse inali yodulidwa kupatula umodzi: Chia, dzina lomwe ankamutchulira padooko mwini chilimira wina, ndi usipa ndowa 14. Nambala ya foni padalibe. Ngongoleyo idalembedwa m'ndowa, osati m'makwacha, ndipo a Shehe adati ibwezedwe m'nsomba kapena mtengo wa nsomba wa tsiku lobwezalo. Tidapatula ndalama zake n'kuzisiya m'manja mwa Amayi. Achemwali aang'ono, amene ali pabanja ku Salima, adasankha kulandira gawo lawo m'ndalama, ndipo tidawagula. Achemwali aakulu adakana kugulidwa. Amayi adati magawo awo 8 akhale sadaka ya amuna awo, galimotoyo ikadzayenda izinyamulanso jeneza. Umu ndi momwe tidapezekera tikukonza galimoto imene tinkayesa kuti idafa, chifukwa sadaka ya Amayi sikanatheka pa njerwa.

Wotitsogolera anali mnansi wathu, mkulu wa mpingo wa CCAP amene adagwira ntchito m'galaja ku Germiston zaka zambiri. Iye Lamulungu sagwira chitsulo, ife Lachisanu timaweruka msanga, tsono ntchito yeniyeni inkachitika Loweruka ndi madzulo a masiku ena. Mawu ake anali amodzi, a Chitumbuka: pachokopachoko. Injini inali itagwirana. Tidamasula mapulagi anayi, n'kuthira dizilo wosakaniza ndi oyilo m'mabowo mwake, ndipo kwa masabata awiri tinkabwera ndi sipanala yaikulu kudzagwedeza bawuti ya pule ya kutsogolo, pang'ono uku, pang'ono uko. Achimwene aakulu adafuna kuikankha galimotoyo ili m'giya kuti imasuke mwamphamvu, koma amakaniko adati kutero n'kupinda ndodo za mapistoni. Titatsegula silinda hedi tidaona chimene chidadwalitsa galimotoyo m'masiku omaliza a Abambo: gasiketi idapsa, madzi a m'lediyeta ankalowa m'silinda yachitatu, ndipo pistoni yake idamatirira ndi dzimbiri.

Injiniyo tidaitulutsa ndi tcheni chomangirira kunthambi ya mango womwe uja. Ndi injini yotchedwa A14, ya 1397 cc, masilinda anayi, yopanda kompyuta iliyonse. Mavalavu ake amakankhidwa ndi ndodo, ndipo nthawi yake imayendera tcheni, osati lamba woti n'kuduka mwadzidzidzi. Munthu angathe kuimasula yonse pamkeka n'kumvetsa chimene chitsulo chilichonse chimachita, ndipo tikuganiza kuti ichi ndicho chifukwa chake timapikaputi sitikutha m'misewu. Buloko lidakwera lole kupita ku Lilongwe kukakulitsa mabowo kuti mulowe mapistoni okulirapo, hedi nayo idakapalidwa kuti ikhale yosalala. Ife tidatsala tikutsuka zitsulo ndi palafini m'beseni la Amayi, limene sadatikhululukirebe, ndi kuika mabawuti m'zitini zolembedwa. Tidaphunzira mochedwa kuti bawuti yosalembedwa imabweza ntchito ya tsiku lonse.

Zipangizo zinkachokera kwa mzime wathu, amene amagwira ntchito m'sitolo ku Fordsburg mu Johannesburg. Kumeneko zida za 1400 zimapezeka mosavuta. Ankazipereka kwa anyamata a mathiransipoti amene amayenda ndi ngolo zodzaza katundu wa anthu a ku Mzimba, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo katoni inkafika patapita masabata, nthawi zina ili pakati pa matiresi ndi firiji ya munthu wina. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zimene tidasonkha zogulira kalachi, mabuleki ndi matayala zidangokwana kalachi ndi theka la mabuleki. Wina pamsika adatilonjeza ndalama za katapila tsiku lomwelo. Tisabise, tidakhala nazo m'maganizo usiku umodzi. Koma galimoto yonyamula jeneza ikonzedwe ndi riba? Tidalowa chipereganyu cha anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ntchito idaima miyezi iwiri kudikira kuti ulendo wathu wolandira ufike.

M'miyezi yodikirayo ndi m'mene tidakangana. Mzime ankatumiza pa WhatsApp zithunzi za ma 1400 a ku Soweto, otsitsidwa mpaka kukhudza pansi, a malimu onyezimira ndi masipika odzaza kumbuyo kwa mpando. Achimwene aakulu sankafuna kuti chisinthe chilichonse, ngakhale mpando wong'ambika, chifukwa padakhala Abambo. Onse awiri anali ndi magawo ofanana, tsono mlandu udagamulidwa ndi mwini magawo 7. Achemwali adati chisinthidwe chokhacho chimene chimathandiza galimoto kulira, kuima ndi kuona usiku, zina zonse zikhale monga zinalili. Tikuona kuti adaweruza bwino kuposa ife. Galimoto yotsitsidwa ikanasiya sampu yake pamwala woyamba wa misewu yafumbi ya ku Mabulabo kapena Khosolo, ndipo mpando wong'ambika sukanabweza Abambo.

Motero tidachotsa ma points a mu distributor, amene fumbi limawadya ndipo amafuna kuchunidwa kawirikawiri, n'kuikamo kachipangizo kamagetsi kosakhudzana. Tidapeza giyabokosi ya magiya asanu ya 1400 yamtsogolo, yoti injini ipume pamsewu wa M1 ndi kusunga petulo. Mabuleki tidawasintha kuyambira pampu yake mpaka mapaipi, mawaya onse adakokedwa atsopano, nyali tidaika zowala, ndi malamba achitetezo. Mapaipi a mafuta nawo adapita, pakuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo, ndipo labala wakale wouma sapirira. Kabuleta tidaisiya, tidangoitsuka ndi kusintha timagasiketi take, chifukwa makaniko aliyense wa pa Jenda kapena Embangweni angathe kuitsegula ndi sikuludiraiva m'mbali mwa msewu.

Bodi ndi limene lidatiyesa chikhulupiriro. Madzi a nsomba a zaka zambiri adadya pansi pake, ndipo kutsogolo, wokhala pampando ankaona dothi pakati pa mapazi ake. Wowongola magalimoto amene tidamuitana adati pali njira ziwiri: kumata mabowo ndi fila n'kupaka penti, ntchito ya masiku atatu, kapena kudula chitsulo chonse chowola n'kuwotcherera chatsopano, ntchito ya masabata ndi ndalama katatu. Adaonjeza kuti aliyense amasankha yoyamba ndipo wogula sadziwa. Tidaphunzitsidwa kuyambira ubwana kuti Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, adaletsa kubisa chilema cha malonda, koma tidapeza kuti phunzirolo limamveka mosavuta pamkeka wa madrasa kusiyana ndi pamene ndalama za chipereganyu zili m'manja. Tidadula. Pansi pa bodi tidayala matabwa a paini a ku Chikangawa, tidawotcherera zitsulo zomangapo lona, ndipo chitseko cha kumbuyo tidachipatsa matcheni awiri kuti chizigona mowongoka, pakuti bodi la 1400 ndi lalifupi ndipo jeneza la munthu wamkulu limatulukira kumbuyo. Penti tidabwezera yoyera ya kale.

Idalira m'mwezi wa Ramadhani wa 2024, usiku wina titamasula swaumu. Ulendo woyamba tidasokoneza mawaya a mapulagi. Injini imeneyi imaphulitsa motsatana 1, 3, 4, 2, koma ife tidasinthanitsa awiri, ndipo lawi lidatulukira pakabuleta n'kuwaula ndevu za achimwene aakulu, amene adakaswali Tarawehe usiku umenewo akununkha ngati nkhuku yowawula. Amakaniko adaseka mpaka kukhala pansi, nakonza mawayawo. Kachiwiri idatsokomola, idanjenjemera, kenaka idakhazikika. Itatentha tidachuna mavalavu pa mpata wa 0.35 mm, ndipo phokoso la kugogoda lidatha. Amayi adatuluka m'nyumba ataphimba kumutu, adaima pakhonde n'kumvetsera. Tinkayembekezera kuti anena Alhamdulillah. Adati, “Siikulira ngati ya bambo anu. Ija inkagogoda, ndinkaimva ikadali kumsika.” Adabwerera m'nyumba, ndipo palibe mwa ife adawatsatira.

Ku Mzuzu kokatenga COF tidapita kawiri, chifukwa ulendo woyamba handibuleki sinkagwira bwino, ndipo kulakwa kunali kwathu. Isanathe sabata kuchokera pamenepo foni idalira usiku: mkazi wa telala wina wa kufupi ndi Embangweni adatisiya. Tidanyamula amayi awiri osambitsa ndi sanda, tidafika kusanache, ndipo Swala ya jeneza idaswalidwa pa boma itangotha Dhuhr. Matcheni a chitseko adagwira.

Ulendo wa ku Chia tidaupanga mu Juni, mzime atabwera patchuthi. Amayi ndi achemwali adakhala kutsogolo, awiri a ife kumbuyo pansi pa lona, titafunda mabulangete chifukwa cha chisanu cha m'mamawa. Pa Jenda anthu awiri achikulire adaizindikira galimotoyo, mmodzi adafunsa ngati usipa wayambanso. M'nkhalango ya Nkhotakota tidatseka magalasi kuopa kashembe, ndipo tinkayang'ana njovu zimene zidasamutsidwira kumeneko mu 2016 ndi 2017, Abambo atasiya kale kuyenda njirayo, koma sitidaone ngakhale imodzi. Singano ya kutentha sidasunthe pazitunda zonse.

Nyanja chaka chimenecho inali itadzaza kwambiri, madzi atadya mchenga umene Amayi ankaukumbukira, ndipo mwera unkawomba. Tidafunsa dzina lija padooko kwa anyamata osoka ukonde, osalidziwa, mpaka nkhalamba ina idatilozera nyumba kuseri kwa mzikiti. Mwini chilimira uja nayenso adamwalira kale. Tidapeza mkazi wake ndi mwana wake wamwamuna. Amayi adapereka salamu, natulutsa kope, nawaonetsa mzere wosadulidwa. Mayi uja adati za ngongoleyo sadamvepo, koma galimoto yoyera ya munthu wa ku Mzimba akuikumbukira. Mwana wake adapita kukafunsa mtengo wa ndowa tsiku limenelo. Chifukwa cha mwera mabwato sadalowe masiku angapo, usipa udakwera, ndipo ndalama zimene tidapatula chaka chapitacho zidapelewera ndowa zinayi. Achimwene aakulu adameza malovu, tidapita kuseri kwa galimoto n'kukhuthula matumba, achemwali naonjezerapo za nsalu. Mayi uja adawerenga, adaitana ana ake aakazi awiri kuti aone, ndipo adati a Shehe akwawo adzawagawira. Amayi adapempha cholembera n'kudula mzerewo okha.

Mnyamatayo adazungulira galimoto, adagogoda bodi ndi chala kumvetsera ngati muli fila, nafunsa ngati tikugulitsa. Achemwali adamuyankha kuti eni ake ndi ambiri. Ndi ndalama za petulo wobwererera zokha zimene zidatsala, komabe Amayi adamasula pansonga ya chitenje n'kugula ndowa imodzi ya usipa, ya kashi, ndipo sadalole kuti ikwere mpaka titayala pulasitiki pamatabwa atsopano aja.